Dzungu la Pamseu ndi Nthanga za Ambuya

Mwezi uno tiyeni tikhale pansi tikambirane za dzungu. Ndidziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kumwetulira, muli kufunsa mumtima kuti kodi dzungu nalonso lifuna sukulu? Inenso ndinali kuganiza motero kufikira tsiku limene ndinacita manyazi pamaso pa ambuya anga.

Caka cimeneco ambuya anali kukhala nafe ku Lusaka, kumene anabwera kudzaonetsa maso ao ku cipatala. Ine ndinali kubwerera kucokera ku maliro ku Petauke, ndipo basi itaima pamalo pena pa mseu wa Great East, ndinaona mulu wa maungu. Ndinasankha lalikulu kopambana onse, losalala ndi lonyezimira, loti kondakitala anadandaula polikweza. Ndinafika nalo kunyumba modzitama. Ambuya analipapasa ndi manja, nalikanda ndi cala, naligogoda kawiri. Pamenepo anati, "Mdzukulu wanga, wagula madzi. Ku Lusaka kuno mipopi yauma kodi?" Ndinaliphika ndithu. Mumphika munatuluka cinthu cotuwa, ca ulusi-ulusi, cosakoma ngakhale kucithira shuga. Ana anangolawa ndi kutsuka m'manja. Koma cimene cinawawa ambuya koposa si ndalama imene ndinataya ai. Anandipeza ndili kukokolola matumbo a dzungulo pamodzi ndi nthanga zake kupita nazo ku dzala, ndipo anandigwira dzanja nati, "Iwe, ndiwo ukutayazo."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa kwa alimi ndi kwa amai ogulitsa pamsika, ndipo zimene ndaphunzira ndizo ndifuna kugawana nanu.

Poyamba tidziwe mlendo wathuyu kumene anacokera. Ambiri tiyesa kuti dzungu ndi mbeu ya makolo athu kuyambira kale-kale, koma kwao kweni-kweni ndi ku America. Ku Mexico, m'phanga lina la m'cigawo ca Oaxaca, akatswiri ofukula zakale anapeza nthanga za maungu olimidwa ndi anthu za zaka pafupi-fupi 10,000. Maungu anaoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa Columbus wa mu 1492, ndipo anafika kuno ku Africa monga mmene cimanga ndi nshawa zinafikira. Zathu-zathu za kuno ndi mphonda ndi zikho. Komabe mlendo ameneyu anakhazikika bwino, kotero kuti lero palibe munda wa cimanga kum'mawa kuno umene ungachedwe munda ngati mulibe maungu oyanga pansi pake. Ciyambire December tidya cibwabwa, kenaka maluwa ake ndi timaungu tanthete m'ndiwo, ndipo m'miyezi yowawa ya February ndi March, pamene nkhokwe yapepuka ndipo cimanga ca m'munda cikali cosakhwima, dzungu ndilo limagoneka ana. Amene anaona cilala ca 1992, ndiponso ca 2024 cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February caka comweco, adziwa kuti dzungu limodzi losungidwa bwino si cinthu coseweretsa.

Tsono dzungu labwino tilidziwa bwanji? Ambuya anali kuyambira pa cikonyo, kaja kamtengo kamene kamalumikiza dzungu ku cingwe cake coyanga. Cikonyo ca dzungu lokhwima cimakhala couma, colimba ngati mtengo, ndipo cimasanduka cotuwa. Mukaona cikali cobiriwira ndi cofewa, mwina cikudontha madzi, dziwani kuti mwini munda anafulumira kuthyola cifukwa cofuna ndalama kapena poopa akuba. Dzungu lotere silinamalize kusonkhanitsa ufa wake, ndipo ndilo limakhala lamadzi mumphika. Limene cikonyo cake cinathothoka mungathe kugula ngati muliphika lero kapena mawa, koma si losunga, pakuti pa bala pamenepo ndi pamene kuola kumalowera. Cifukwa cake musalole mwana kunyamula dzungu pogwira cikonyo monga cikwama. Alifungatire ndi manja awiri.

Cikonyo comweco cimatiuzanso mtundu wa dzungu. Pali maungu amene cikonyo cao ndi ca ngodya, ca mizere isanu, cotambasuka pamene cakhudza dzungu. Amenewa ndi a banja limodzi ndi butternut wa m'masitolo, ndipo ambiri a iwo ali ndi mnofu wofiirira bwino, wosalala, ndiponso amapirira kutentha ndi kukhalitsa. Ena ali ndi cikonyo cobulungira, conenepa, cofewerapo ngati cikwangwa couma. Mwa amenewa ndi mmene mupezeka maungu akulu-akulu otuwa kapena obiriwira modera, ndipo abwino ake amafumbutuka ngati mbatata. Ine ndikafuna phala la mwana kapena supu ndimatenga a mtundu woyambawo. Ndikafuna lodya lokha ndi tiyi m'mawa ndimafuna lofumbutuka.

Mukatha kuona cikonyo, yesani khungu ndi cikhadabo. Dzungu lokhwima limakana cikhadabo, pamene losakhwima limalola kuti cilowe ndipo pamatuluka kamadzi. Koma pano ndipemphe ulemu: musaboole katundu wa mai wogulitsa ndi kumusiyira. Kukanikiza pang'ono pafupi ndi cikonyo n'kokwanira. Khungu lonyezimira kwambiri, longa lija linandinyenga ine, kawiri-kawiri ndi cizindikiro ca ubwana. Lokhwima limazimirira, ndipo ena amakhala ngati awazidwa ufa. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa maungu mau amenewa ndi oona ndithu. Dzungu la maonekedwe oipa, la zitupsya zouma ndi mizere yokhakhala, nthawi zambiri ndilo limakoma.

Linyamuleni. Likhale lolemera kuposa mmene maso anayembekezera, pakuti kulemera kumeneko kutanthauza mnofu wocindikala ndi mphako yaing'ono m'kati. Ligogodeni ndi nkhonya mofatsa: lokhwima limayankha ndi liu lakuya ngati ng'oma ya patali. Kenaka litembenuzeni muone pamene linagonera pansi. Banga loyera kapena lacikasu pamenepo si vuto. Cimene muyenera kuopa ndi malo ofewa, madontho akuda onyowa, ndi timabala tating'ono tolowa m'kati tonga tobayidwa ndi singano. Timabala timeneti ndi nchito ya kanchenche kena kamene kamaboola dzungu likali lanthete ndi kuikiramo mazira, ndipo mukalidula mudzapeza mphutsi zakuyambirani kale kudya.

Pa kukula kwake, ine ndaleka kuthamangira zimphona. Ku America ndi ku Ulaya kuli mipikisano kumene anthu amaonetsa maungu opitirira makilogalamu 1,000, koma palibe amene amawaphikira alendo. Kumenekonso kuli mtundu wina umene amalima kuti aziusema nkhope ndi kuikamo kandulo pa 31 October, ndipo eni ake omwe amavomera kuti ndi wosakoma. Dzungu la makilogalamu awiri kufikira anai limakwanira banja pa tsiku limodzi, ndipo simutsala ndi cibenthu coti ciole. Dzungu likadulidwa, masiku ake ndi owerengeka, makamaka m'nyumba yopanda firiji.

Amene mumagula zibenthu zodula kale pa msika wa Soweto kapena wa Kapata muli ndi mwai umodzi umene ogula lathunthu alibe: mumaona m'kati. Sankhani ca mnofu wofiirira kwambiri, wocindikala ndi wogwirana, ca nthanga zonenepa. Nthanga zopyapyala zopanda kanthu m'kati zionetsa kuti dzungulo silinakhwime. Cibenthu coterera pamwamba, kapena cimene cayamba kununkha mosasa, cisiyeni ngakhale mtengo utsike. Pemphani kuti akudulireni catsopano inu mukuona, ndipo musalole kuti akucotsereni nthanga. Mwazilipira.

Kufiira kwa mnofu kumene ndikucha kawiri-kawiri si nkhani ya maonekedwe cabe. Mtundu umenewo umacokera ku cinthu cimene thupi limacisandutsa vitamini A, amene amateteza maso ndi kuthandiza mwana kulimbana ndi matenda monga cikuku ndi kutsegula m'mimba. Kusowa kwa vitamini ameneyu kunali kwakukulu m'dziko lathu, ndipo ndico cifukwa cake kuyambira mu 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia anayamba kuthiridwa vitamini A, ndiponso mu 2012 kunatulutsidwa mbeu ya cimanga cofiirira. Koma dzungu lofiira linali nafe kale kuseri kwa nyumba. Dzungu lotuwa m'kati lili ndi zocepa za zimenezi. Ndipo thupi limatenga bwino vitamini ameneyu ngati cakudyaco cili ndi mafuta pang'ono, motero amai athu amene amaphika futali, kusakaniza dzungu ndi nsinjiro, anali kucita ca nzeru ngakhale sanalowe m'kalasi.

Pali cenjezo limodzi limene sindifuna kuti lipite ndi mphepo. Mukadula dzungu kapena mphonda, nyambitani pang'ono musanaike pamoto. Likawawa ngati ndulu, litayeni lonse. Kuwawa kumeneko ndi poizoni amene mbeu za banja limeneli nthawi zina zimapanga, ndipo moto sumuthetsa, shuga samuphimba. Amasanzitsa, kupotokola m'mimba ndi kutsegula m'mimba koopsa, ndipo kwa mwana wamng'ono kapena nkhalamba zimenezi zingafike poipa. Sizicitika kawiri-kawiri, koma cenjerani makamaka ndi maungu odzimerera okha pa dzala ndi a caka ca dzuwa lambiri. Nthanga za dzungu lotere musabzale. Wina akadya nayamba kusanza, mpatseni madzi a mcere ndi shuga aja a ku kiliniki ndi kuthamangira naye ku cipatala. Ndidziwa kuti m'nyumba ya njala kutaya cakudya ndi cinthu cowawa, koma pano palibe kucitira mwina.

Inu amene muli ndi munda, musafulumire kuthyola onse. Dikirani kuti masamba afote ndi cikonyo ciume, ndipo dulani ndi mpeni kusiya cikonyo cotalika ngati cala. Aikeni pamalo ouma, ofunda ndi opita mphepo kwa masiku 10 kufikira 14 kuti khungu lilimbe ndi timabala tipole. Pambuyo pake asungeni pamthunzi, pa thandala kapena pa udzu wouma, osagundana, osati pa simenti ya cinyezi. Dzungu losungidwa motero limatha miyezi iwiri kapena itatu, ena kupitirira apo, ndipo limanka likoma, pakuti ufa wake umasanduka shuga pang'ono-pang'ono. Ndico cifukwa cake dzungu la mu June limaposa la mu March. Muziwayendera mlungu uliwonse, ndipo limene layamba kufewa likhale loyamba kulowa mumphika.

Za kaphikidwe sindidzataya nthawi, pakuti muli akatswiri kuposa ine. Ndingokumbutsa atsikana athu kuti dzungu lili kale ndi madzi ake, pafupi-fupi magawo 9 mwa magawo 10. Tsukani kunja musanadule, ikani zibenthu mumphika khungu lili pansi, thirani madzi ocepa ongokwanira kuti mphika usapserere, vundikirani bwino, ndipo nthunzi imalize nchito. Kulimiza m'madzi ngati nyemba ndiko kuononga ngakhale dzungu labwino.

Tsopano tifike pa nthanga, zimene zinandikanganitsa ndi ambuya. Akatswiri a zakudya anapima napeza kuti mu magalamu 100 a nthanga zosenda muli magalamu pafupi-fupi 30 a zomanga thupi, ndipo pafupi-fupi theka la kulemera kwake ndi mafuta. Pa zomanga thupi, nthanga zimaposa ngakhale nshawa. Mulinso ayironi wothandiza magazi ndi zinki wothandiza kukula kwa ana. Taganizani tsono za nyumba imene nyama imaoneka kamodzi pa mwezi, mtengo wa kapenta wakwera, mwana tsitsi layamba kufiira, koma tsiku lililonse lophika dzungu nthanga zimapita kwa nkhuku kapena ku dzala. Ine ndinacita zimenezi zaka zambiri, ndipo ndiyesa kuti cinandicititsa ndi kudziona ngati wa m'tauni.

Musanakazinge, patulani mbeu. Apa ambuya anali ndi nzeru imene ndimaikonda kwambiri. Kukoma kwa dzungu kumadziwika litapsa, koma nthanga yophikidwa kapena yokazinga simera. Motero iwo anali kuika nthanga za dzungu lililonse pa mbale yake-yake, zaziwisi, kufikira banja litadya. Ngati onse avomera kuti ili ndi dzungu, nthanga zonenepa za pa mbale imeneyo zinali kukhala mbeu ya caka ca mawa. Ngati linali lamadzi, zonse zinali kupita pa phale. Nthanga za mbeu zitsukidwe, ziyanikidwe pamthunzi popita mphepo kwa mlungu wathunthu kapena kuposerapo, kufikira zitayamba kuthyoka m'malo mopindika. Kenaka zisungidwe m'cikho kapena m'botolo louma pamodzi ndi phulusa, kutali ndi makoswe. Komabe musadabwe ngati ana ena sadzafanana ndi make. Dzungu lili ndi maluwa amuna ndi akazi pa cingwe cimodzi, ndipo njuci zimene zimanyamula ufa wa maluwa sizidziwa malire a munda wanu ndi wa mnansi. Nthanga za maungu a m'masitolo akulu ndizo zosadalirika kopambana, pakuti ambiri ndi a mbeu ya haibulidi imene ana ake amasintha. Mbeu yabwino pemphani kwa nchembere ya kumudzi imene yakhala ikusankha yokha zaka ndi zaka, ndipo pemphani ikali moyo.

Zotsalazo ndi zathu. Ziikeni m'beseni la madzi ndi kuzifikisa ndi zala. Nthanga zambiri zimayandama, matumbo amatsalira pansi, ndipo mumangoziwengula ndi dzanja. Zitayeni zopyapyala zija. Ziyanikeni pa licero padzuwa tsiku limodzi kapena awiri, mukuzitembenuza kuti zisamatirire. Pa nyuzipepala musayanike, pakuti zimamatira ndipo mudzadya nkhani za dzulo. Kuumitsa kumeneku musakudumphe. Nthanga yonyowa ikafika pamoto imaphikika m'malo mokazingika, ndipo imatuluka yolimba ngati cikopa. Ndiponso nthanga younjikidwa ndi cinyezi imacita cuku, ndipo cuku ca pa mbeu zamafuta, monga ca pa nshawa, cingathe kukhala ndi poizoni woononga ciwindi. Zakuda ndi zonunkha cuku zitayeni.

Pokazinga, phale la mphika wosweka ndilo mfumu, pakuti dothi limatentha mofatsa ndi mofanana. Ciwaya cocindikala naconso cigwira nchito. Moto ukhale wa makala amene ayamba kucita phulusa pamwamba, osati malawi. Thirani nthanga zocepa, zongophimba pansi pa phale, popanda mafuta, ndipo takasani ndi mthiko osaleka. Apa ndi pamene ambiri timalephera. Timafuna kukazinga uku tikusesa, uku tikuyang'ana foni, ndipo pobwerera tipeza mbali imodzi yapserera, ina ikali yaiwisi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu mudzamva zikuyamba kuthetheka, zina kudumpha, ndipo fungo lidzafika kwa anansi. Zikafiirira pang'ono, sungunulani mcere m'madzi a masupuni awiri kapena atatu, wazani pamwamba, ndi kupitiriza kutakasa kufikira madzi onse atauma ndipo nthanga zavala mcere woyera. Mcere wouma sumamatira, umangotsalira pansi. Phulani ndi kuzikhuthulira pa licero nthawi yomweyo, pakuti phale limapitiriza kuocha ngakhale litacoka pamoto. Musaziweruze zikali zotentha. Kukhukhuta kwake kumabwera zitazizira.

Amene muli ndi uvuni, ziyaleni pa thireyi, muike pa madigiri 150 kapena 160 kwa mphindi 20 kufikira 30, ndi kuzitembenuza kamodzi kapena kawiri. Ena amathirako kasupuni ka mafuta ndi tsabola wosinja. Zimakoma, sindikana, koma kwa ine za pa mbaula zili ndi kafungo kamene uvuni sudziwa.

Kodi makoko ake adyedwa? Adyedwa, makamaka a nthanga zazing'ono monga za butternut, zimene makoko ake ndi opyapyala. Za maungu akulu zili ndi makoko olimba, ndipo ndi bwino kuzimenya ndi mano ndi kudya ca m'kati. Ana aang'ono, osafika zaka zinai kapena zisanu, musawapatse nthanga zathunthu, pakuti zingawatsamwe. Gawo lao lili mumtondo. Sinjani nthanga zokazinga popanda mcere wambiri, sefani kuti makoko atsale, ndipo mudzapeza ufa wonona wonga nsinjiro. Supuni imodzi kapena awiri m'phala la mwana amene wapitirira miyezi isanu ndi umodzi imasintha phala lamadzi kukhala cakudya. Ufa womwewo umatendera cibwabwa, mfutso, ngakhale bowa. Cibwabwa cotendera ndi nthanga za dzungu lomwelo ndico cakudya cimene ambuya anandiphikira madzulo a tsiku la manyazi anga, ndipo ana amene anakana dzungu lija anapempha nsima yoonjezera. Sinjani wocepa, wa masiku atatu kapena anai, cifukwa ufa wamafuta sucedwa kununkha. Nthanga zokazinga zathunthu zimakhala milungu iwiri kapena itatu m'botolo lotseka bwino, ngati anyamata a m'nyumba sanadziwe pamene mwalibisa.

Ena mwa inu mudzandilembera kuti ndaiwala za njoka za m'mimba. Sindinaiwale. N'zoona kuti m'maiko ambiri anthu akhala akudya nthanga za maungu pofuna kucotsa njoka zimenezi. Koma mwana amene mimba yatupa ndipo akuonda apite ku kiliniki akalandire mankhwala oyenera, nthanga zikhale cakudya comuthandiza kubwezera thupi.

Ambuya anatisiya zaka zingapo zapitazo. Pogawa katundu wao, ena anatenga zitenje, ena mipando. Ine ndinapempha cikho cakuda ndi utsi cimene cinali kupacikidwa pa denga la khichini, cotsekedwa ndi citsononkho. Munali phulusa ndi nthanga zodzaza manja awiri. Ndinabzala zisanu ndi imodzi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pamene timataya madzi otsukira mbale, ndipo zinamera zinai. Maungu ake ndi oipa nkhope, a zitupsya, obiriwira modera, osakula kweni-kweni. Caka cino ndakolola khumi ndi limodzi. Awiri ndapatsa anansi, ndi pangano lakuti andibwezere nthanga.